Bambo wa suti pakati pa manda

Filimu ya Night of the Living Dead inaonetsedwa koyamba ku Pittsburgh pa 1 Okutobala 1968, itadya madola pafupifupi 114,000, ndalama zogulira mchere tikayerekeza ndi za ku Hollywood. George A. Romero ndi anzake ankadyera kujambula malonda a pa TV, ndipo filimuyi anaijambula yakuda ndi yoyera, m'nyumba yakale ya pafamu kufupi ndi Evans City, m'chigawo cha Pennsylvania. Ogawa filimu atasintha dzina lake anaiwala kuikapo chidindo cha umwini, n'chifukwa chake lero aliyense amaionera ulere pa intaneti. Mnyamata wa pa Chipoka amene ali ndi foni, anzake ofuna kusewera, ndiponso nkhani ya akufa oyenda, angathe kuipeza. Akaionera, funso lake loyamba limakhala lakuti: magaziwo tipanga ndi chiyani? Ine ndikuona kuti filimuyi ikumuuza ayambe wafunsa zina.

Mphindi zoyambirira zili kumanda. Barbra ndi mlongo wake Johnny ayenda ulendo wautali pagalimoto kudzaika nkhata pamanda a bambo awo. Johnny akudandaula za mtunda, kenako akuyamba kuopseza mlongo wakeyo monga ankachitira ali ana. Kumbuyo kwawo, kutali ndithu, pakati pa ziliza, pakudutsa bambo wamtali wovala suti. Kamera siimuthamangira. Timamuona kang'onong'ono, ndipo tonse, oonera ndi Barbra yemwe, timamuyesa wamaliro mnzawo, mwina wokalamba, mwina wolawako. Johnny akumuloza mwachipongwe, Barbra akuchita manyazi n'kulunjika komweko, ulemu ukumupereka m'manja mwa chomupha.

Bamboyo, amene anasewera ndi Bill Hinzman, akafika pafupi, muyang'aneni bwino. Alibe bala. Nsagwada zili m'malo mwake, maso onse awiri alipo. Chimene anamuchita n'kudetsa m'munsi mwa maso ndi m'masaya, kuyeretsa tsitsi, kung'amba suti pang'ono. Zotsalazo ndi thupi lake: mapewa opendekeka, manja ouma, kamwa losatsekeka, ndiponso kusayankha. Munthu kumuyandikira koma iye osanena kanthu, n'chimene chikuwaza nthumanzi m'chigawo chimenechi. Ndipo si wopusa ayi: Barbra atadzitsekera m'galimoto, iye akutola mwala n'kuswa galasi. Mantha onse amangidwa ndi mtunda, kuchedwa, ndi kayendedwe, zinthu zosagula.

Zodzola zimabwera pambuyo, pang'onopang'ono, usiku ukamakula. Marilyn Eastman ndi Karl Hardman, omwenso akusewera banja la a Cooper lobisala m'nyumba ya pafamu ija, ndiwo ankapaka anthu nkhope, ndipo mabala ankawaumba ndi phula limene okonza mitembo amagwiritsa ntchito. Zovala zinali za kaunjika. Magazi anali manyuchi a chokoleti a Bosco, chifukwa pa chithunzi chopanda mitundu chofunika si kufiira koma kuda ndi kulemera kwa dontho. Pamene akufa aja akudya Tom ndi Judy, achinyamata obisala nawo m'nyumbamo, galimoto itapsa, osewera akutafuna nyama ya nkhumba yowotcha ndi matumbo ochokera kubutchala. Apa m'pamene filimu ikuonetsa koyamba akufa akudya anthu mosabisa, ndipo yadikira kupitirira ola lathunthu. Woonera amafika pamenepo atakhulupirira kale, choncho safunsanso ngati ndi chokoleti.

Komabe nkhope ziwiri zimene zimatsalira m'mutima si zowola. Johnny, amene anafera kumanda kuja polimbana ndi bambo wa suti, akubwerera pakati pa gulu limene likuthyola chitseko, ndipo Barbra, amene wangoyamba kumene kulimba mtima, akumuzindikira n'kufooka; mlongo wake yemweyo akumukokera panja. Winayo ndi Karen, mtsikana wa a Cooper, amene wagona wodwala m'chipinda cha pansi filimu yonse. Akadzuka, nkhope yake ndi ya mwana yemwe uja, kungoti m'maso mwada ndipo pakamwa pali magazi. Mayi ake sakuthawa, akumuitana. Mwanayo akuwabaya ndi mpeni wa amisiri omanga nyumba, ndipo Romero akutionetsa kwambiri chithunzithunzi pakhoma ndi madontho, osati bala.

Ife a kuno chimenechi sitifunika kuchiphunzira kwa azungu. Nkhani za ndondocha, zimene zimakambidwa monong'ona m'madoko ndi m'misika munthu akalemera mosadziwika bwino, sizinena za mtembo wowola. Zimanena za mwana kapena m'bale amene anthu analira n'kumuika, koma akuti ali m'chipinda chotseka, lilime lodulidwa, akugwira ntchito usiku. Choopsa mwa iye n'chakuti ukamuona umudziwa, koma iye sangakuyankhe. Kaya munthu amakhulupirira zimenezi kaya ayi, wolemba filimu apeza m'menemo malangizo a zodzola okwanira: nkhope ikhale yozindikirika, khungu lotuwa chifukwa chosaona madzi ndi mafuta, milomo yong'aluka, tsitsi lanyankhalala, ndi chovala chimene abale anamuona nacho komaliza. Mukamumata mabala nkhope yonse mwapha nkhani, chifukwa mayi ake m'filimumo sadzakhala ndi chomuzindikirira.

Pali pena pamene kutengera Romero kungatisocheretse. Nzeru yake ya nkhope yoyera ndi maso akuda inapangidwira khungu loyera. Pakhungu lathu, makala m'maso saoneka kwenikweni, ndipo mukathira zoyera zambiri woonera wa ku Salima saona mtembo, amaona gule. Thupi lopaka matope kapena phulusa kuyambira kumutu mpaka kumapazi lili kale ndi tanthauzo lake m'dera lino, ndipo amene wafika ku Mua n'kuona zigoba mazanamazana za ku Chamare akudziwa kuti zimenezo zili ndi eni ake. Choncho kutuwako kukhale kwa apo ndi apo: pamphumi, pamphuno, pafupa la tsaya, m'zigongono ndi m'kati mwa zala, kwinako kusiya khungu lenileni kuti likhale mthunzi. Dongo losungunula lopyapyala likauma limang'aluka lokha, ndipo pafoni limaoneka ngati khungu losuwa. Phulusa n'lofunika kusamala nalo. Likakumana ndi thukuta limasanduka chidulo chomwe chija, limawawa pakhungu ndipo m'maso silifunika n'komwe. Ufa woyera wosakaniza ndi makala osinja pang'ono umapereka mtundu womwewo popanda vutolo. Bala limodzi, ngati nkhani ikulifunadi, limatheka ndi tishu womata ndi guluu woyera wa ana asukulu, kumung'amba pakati akauma, mutayamba mwayesa padzanja kuti muone ngati sakuyabwa.

Magazi ndiye osavuta. Chidede chowiritsa ndi shuga wambiri chimapereka kufiira kozama, kaufa ka chinangwa kamachilimbitsa, khofi pang'ono amachidetsa kuti chisaoneke ngati chakumwa cha ana. Koma kunyanja kuno kumatentha, shuga amaitana ntchentche ndi nyerere, ndipo wosewera wopakidwa m'mawa pofika masana zonse zayenderera. Pakani komaliza, kamera itakonzeka. Ndipo foni iliyonse imatha kuchotsa mitundu: chimene Romero anachita posowa ndalama chikhoza kubisa zolakwa zanu zambiri. Njanji ya pa Chipoka, nyumba zosungira katundu za padoko, mathandala a usipa opanda kanthu dzuwa likamapendeka, zonsezi zili ndi mtunda umene munthu woyenda mopendekeka angaonekere kutali asanafike.

Mathero a filimuyi ndi amene amandivuta. Ben, amene anasewera ndi Duane Jones, munthu wakuda pakati pa azungu okhaokha, ndiye yekha wapulumuka usiku wonse. Kukucha, gulu la amuna a mfuti ndi agalu likuyenda m'minda kuwombera akufa. Ben akumva phokoso, akutuluka m'chipinda cha pansi, akusuzumira pawindo. Wina ali patali akuona chinthu chikuyenda m'nyumba, akuwombera pamphumi. Palibe chodzola chilichonse pankhope ya Ben. Amene amupha sanamuyang'ane, anangobwera atadziwa kale chimene akasake. Kenako zithunzi zikuima, zikukhala ngati za m'nyuzipepala, mtembo wake ukukokedwa ndi ngowe kupita pamoto. Romero ankanena kuti Jones anamusankha chifukwa anaposa anzake poyesedwa, koma oonera a 1968, chaka chimene Martin Luther King anaphedwa, anawerenga zina m'zithunzizo.

Ifenso tili ndi zathu zowerengamo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinaphetsa anthu osalakwa, ena chifukwa chongokhala achilendo onyamula chikwama. Gulu la achinyamata odzola magazi, likutuluka m'tchire madzulo pafupi ndi mudzi umene sunauzidwe, likusewera ndi moyo. Musanagule chidede pitani kwa amfumu ndi kupolisi mukafotokoze, padoko ndi panjanji mupemphe kwa oyang'anira, ndipo ana a m'mudzi aone osewera akupakidwa. Za kumanda ndiye iwalani. Kwa Achewa kumanda sikulowedwa wamba popanda amfumu ndi adzukulu, ndipo m'midzi yambiri ndi komwe kuli dambwe. Milu ingapo ya dothi ndi mitanda ya nsungwi m'munda mwa amalume anu, mutawapempha, zikwanira.