Zisoti za Baseball: Cizindikiro Citi Cikoma, Citi Cinyoza?

Mukapita ku salaula, kaya ku Soweto ku Lusaka kaya ku Kapata ku Chipata, simungasowe cisoti cokhala ndi zilembo N ndi Y zolowana. Anyamata ambiri amacivala, ndipo mukawafunsa amati ndi dzina la mzinda wa New York cabe. Koma ndi cizindikiro ca timu ya New York Yankees, ya masewera a baseball, aja omenya kampira kolimba ndi cibonga. Masewerawo ambiri a ife sitinawaonerepo, koma zizindikiro zake tinazivala kale pamutu. Tsono nkoyenera kuti tiziyang'ane bwino ndi kuziweruza.

Muyeso wanga ndi uwu: kodi mwana angacijambule pamcenga ndi kamtengo, anzake nkucizindikira? Pa muyeso umenewu NY ipambana. Timuyi inayamba kuika zilembozi pa malaya mu 1909, pamene inali kuchedwa Highlanders, ndipo mbiri imati maonekedwe ake anatengedwa pa mendulo ya apolisi a ku New York imene kampani ya Tiffany inapanga mu 1877. Mitundu ndi iwiri yokha, yoyera ndi yabuluu woderako. Palibe nyama, palibe mpira, palibe mau. Komabe tinene zoona. Timu imene yatenga cikho ca World Series ka 27 ingakometse ngakhale cizindikiro wamba, ndipo ndiganiza kuti theka la kukongola kwa NY ndi kuchuka kwa eni ake. Taonani cizindikiro cina ca timu yomweyi, ca m'ma 1947: mpira, dzina lolembedwa mopendeka, cibonga, ndi cipewa ca nyenyezi copacikidwa pa cibongaco. Zinthu zacuruka ngati katundu wa pa njinga ya wamalonda.

Cimene ine ndiika patsogolo pa zonse ndi ca Milwaukee Brewers. Dzinali litanthauza ofulula mowa, cifukwa mzinda wa Milwaukee unachuka ndi nchito imeneyo, koma pa cizindikiro ca 1978 palibe botolo kapena mbiya. Mukacipenya koyamba muona golovesi yogwirira mpira, mpira uli pakati. Mukapenyanso muona kuti zala za golovesiyo ndi cilembo m, ndipo cala cacikulu pamodzi ndi cikhatho ndi cilembo b. Milwaukee Brewers! Anthu ena anacivala zaka zambiri osaona zilembozo, ndipo tsiku limene munthu aziona saiwalanso. Anacijambula ndi Tom Meindel, wophunzira wa pa yunivesite ku Eau Claire, pa mpikisano umene timuyo inaitana aliyense. Mu 1994 akuluakulu a timu anacicotsa naikapo zina zooneka zamakono, koma ocemerera sanaleke kucifuna, mpaka cinabwerera mu 2020 citakonzedwa pang'ono. Inu a magulu amene mufuna kudinda masikipa a timu yanu ya mpira, ciyang'aneni cimeneci musanapite kwa wodinda.

Ca St. Louis Cardinals sicingapambane muyeso wanga wa pamcenga, koma ndicikonda ndithu. Ndi mbalame ziwiri zofiira zitatera pa cibonga, ina uku ina uko. Cinayambira m'chalichi. Mu 1921 Branch Rickey, amene anali kutsogolera timuyo, anaitanidwa kukalankhula pa mpingo wa Presbyterian ku Ferguson, m'cigawo ca Missouri, ndipo anapeza matebulo atakongoletsedwa ndi timbalame tofiira todula pa makatoni, nchito ya Allie May Schmidt. Rickey anakopeka, ndipo mu 1922 mbalamezo zinali pa cifuwa ca osewera. (Rickey ndi yemwe uja anabweretsa Jackie Robinson ku Brooklyn Dodgers mu 1947, nathetsa mwambo wotsekereza anthu akuda m'ligi yaikulu.) Cibonga copendekaco cidzaza cifuwa bwino, ndipo mbalamezo zioneka zamoyo popanda kuzipatsa mano kapena nkhope yaukali. Eni ake adziwa kuti pa cisoti sizingakwane, conco pamenepo amaika zilembo S, T ndi L.

Zina nzosacedwetsa. D wa Detroit Tigers, wolembedwa m'kalembedwe ka Cingelezi cakale, ali ndi ulemu ngati cikuto ca buku la nyimbo. M wa Miami Marlins wa mu 2012, wamitundumitundu ndi kansomba pamwamba, anali waphokoso, ndipo mu 2019 anali atapita. Ca Montreal Expos, ca mu 1969, anthu akali kukangana kuti muli zilembo zingati, koma zisoti zake zikali kugulidwa ngakhale timuyo inasamukira ku Washington mu 2005.

Tsono pali cimodzi cimene sitingaciweruze ndi maso okha. Timu ya ku Cleveland, imene inali kuchedwa Indians, inali ndi Chief Wahoo: nkhope yofiira piriwiri, mano onse pamtunda, nthenga kumutu. Cinali cithunzi ca eni dziko la America, anthu amene azungu anawapeza kumeneko nawalanda malo. Kunena za luso, cinali cojambulidwa bwino. Cioneka patali, mwana angacijambule, ndipo sikutheka kuciiwala. Apa muyeso wanga uperewera, pakuti cithunzico cipambana pa zonse zimene ndachula, koma ndi cipongwe. Ife sitifunika kutifotokozera zambiri. Tidziwa mmene atsamunda anali kujambulira munthu wakuda, milomo ngati mbale ndi maso otong'oka, iwo nkumati ndi nthabwala cabe. Ocemerera a ku Cleveland nawonso anali kunena kuti ndi mwambo wao, kuti agogo ao anacivala, kuti safuna kunyoza munthu. Mwina ambiri ananena zoona. Koma eni nkhopeyo anali kuima kunja kwa bwalo ndi zikwangwani caka ndi caka kuyambira m'ma 1970, kunena kuti ciwapweteka, ndipo pa mlandu wotere mau a wojambulidwa alemera kuposa a wovala cisoti.

Chief Wahoo anacotsedwa pa malaya ndi zisoti za osewera itatha nyengo ya 2018, ndipo kuyambira 2022 timuyo ichedwa Guardians, dzina lotengedwa ku ziboliboli zamiyala za pa mlatho wa Hope Memorial, pafupi ndi bwalo lao. Cizindikiro catsopano ndi cilembo G ca mapiko cokumbatira mpira. Kunena mosabisa, si cokongola. Mapikowo aoneka ngati omata, ndipo cifanana ndi cidindo ca kampani ya mabasi. Ngakhale ndi tero, ndingacivale cimeneci, cakale cija ai. Ku Atlanta, timu ya Braves ikali ndi nkhwangwa ya eni dziko pa cifuwa, ndipo mkangano wa kumeneko sunathe.