Utsi wa M'misewu ya Lilongwe

Aliyense amene anaimapo m'mamawa pa depoti ya minibasi ku Old Town adziwa utsi wakuda umene ufuka pamenepo. Akulu a ku Area 10 ndi Area 43 apita ku City Centre m'magalimoto awo, mazenera ali chitsekere. Koma mlonda, wophika ndi mayi wobereka mwana ndiwo aupuma kufikira kutsokomola.

Ena ati, tigule mabasi oyendera magetsi monga achitira maiko ena. Mawuwo ngokoma, koma taganizani: pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira m'chaka cha 2022, nyumba zambiri zinagona mumdima. Kodi basi idzapeza kuti magetsi amene nyali iwasowa?

Chimene tili nacho kale tichipeputsa. Kuyambira 1982, ku Dwangwa apanga ethanol ndi madzi otsala pophika shuga, ndipo asakanizidwa ndi petulo. Koma dizilo, mwini utsi wakudawo, sagwirizana naye chotero. Tsono akulu a mzinda alimbikitse minibasi za petulo, naletse iliyonse yofuka utsi kuyenda kufikira itakonzedwa; pakuti chifuwa cha mwana sichingadikire mabasi a mawa.