Mango Aawisi M'phulusa Lamoto

Kumpoto kwa India kuli mphepo imene eni ake amaitcha loo. Imaomba m'miyezi ya Meyi ndi Juni, mvula isanagwe, ndipo ikakuomba kumaso umangomva ngati waima pakhomo pa uvuni ya njerwa. Pa 19 Meyi 2016, m'tauni ya Phalodi m'chigawo cha Rajasthan, kutentha kunafika madigiri 51. Komatu anthu akhala akulima ndi kusenza katundu m'dzuwa lotere kuyambira makedzana, firiji kulibe. Chitetezo chawo chachikulu chimachokera kukhitchini, ndipo chondigometsa n'chakuti chakumwa chimene amachidalira kwambiri poziziritsa thupi chimayambira pamoto.

Dzina lake ndi aam panna. Mayi amasankha mango aawisi, olimba gwa, aja oti ukaluma mano amayayamira. Ofulumira amangowawiritsa mumphika, koma odziwa ntchito amawakwirira m'phulusa lamoto kapena kuwaika pamakala, n'kumawatembenuza mpaka khungu lada bii ndi kuchita matuza. Apa m'pamene pagona luso. Akawaphula msanga, m'kati mumakhala mukadali gwa ndipo kuwawasa kwake kumakwapula lilime; akachedwa, madzi a chipatsocho amathera m'phulusa. Mayiyo safuna wotchi, amangotsina ndi chala n'kudziwa kuti zatheka. Akazizira amasenda khungu lopsereralo, n'kufinya mnofu wonse ndi manja mpaka patsala nthanga yokha. Mnofuwo umatuluka wofewa, wonunkhira utsi pang'ono, fungo limene mango owiritsa sangakhale nalo.

Kenaka pamabwera zokometsera, ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake. Njere zonunkhira zimene iwo amati jeera amayamba azikazinga pachiwaya chouma mpaka zinunkhire, n'kuzisinja. Amathira masamba onunkhira a pudina, shuga wosayeretsa wa nzimbe wotchedwa gur, ndi mchere wakuda, kala namak, umene fungo lake limakumbutsa dzira lowiritsa. Mlendo amayamba wakwinya mphuno, koma akalawa kawiri amaufuna yekha. Phala lokhathamirali amalisunga m'botolo, ndipo munthu akabwera kuchokera padzuwa amamutapira masipuni awiri kapena atatu n'kusungunula m'kapu ya madzi ozizira.

Taonani zimene zili m'kapumo: madzi, mchere, shuga pang'ono, ndi kuwawasa kochititsa kuti munthu amwe mpaka pansi. Thukuta likamatuluka limapita ndi mchere wa m'thupi, n'chifukwa chake wogwira ntchito padzuwa akamangogugudiza madzi okhaokha amatha kumva chizungulire ndi kukokana kwa minofu. Shuga wochepa amathandiza matumbo kuyamwa mchere ndi madzi msanga. Nzeru yomweyi ndi imene ili m'madzi a mchere ndi shuga amene timapatsa ana otsekula m'mimba, amene dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, anapulumutsa nawo othawa nkhondo odwala kolera ku Bangaon m'chaka cha 1971. Amayi a m'midzi sanadikire labotale. Anafika pamuyeso wawo polawa, chaka ndi chaka.

Madzi osungunulirawo nawonso ali ndi mmisiri wake. Amachokera mu matka, mtsuko wadothi umene aliyense wokulira kumudzi kwathu kuno angauzindikire. Oumba mbiya a ku India, otchedwa kumhar, amasakaniza dongo ndi mchenga, n'kuwotcha mtsukowo osaupaka chilichonse chotseka timabowo take tosaoneka ndi maso. Madzi amachucha pang'onopang'ono kudzera m'timabowoto, ndipo akamauma kunja amachoka ndi kutentha kwa m'kati. Mtsuko umachita thukuta kuti mwini wake apume. Choseketsa n'chakuti mphepo ya loo yomwe ija, pokhala youma, ndi imene imauthandiza kuzizira bwino. M'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja monga Mumbai, kumene mpweya uli ndi chinyontho chambiri, mtsuko sugwira ntchito mofanana. Wogula wochenjera amaugogoda ndi chala kuti amve ngati ukulira bwino, chifukwa wamng'alu umamveka mawu osasa. Timabowo tikatsekeka ndi zaka, amagula wina chilimwe chikamayamba. M'misewu yambiri mumapezeka mitsuko yotere itandandalikidwa pamthunzi, yokutidwa ndi nsalu yonyowa, kuti wodutsa aliyense amwe kwaulere. Malo oterewa amawatcha pyaau, ndipo kuwaika amakuona ngati ntchito yachifundo.

Ku Gujarat ndi ku Rajasthan chakudya chamasana sichitha popanda chaas. Ndi chambiko chimene amachipukusa ndi kamtengo kokhala ndi mapiko kumapeto, n'kuchotsa mafuta oyandama pamwamba, kenaka n'kuthira madzi mpaka chipyapyale. Mchere, jeera wokazinga, basi. Amachotseranji mafuta, chikhalirecho ndiwo amakoma? Chifukwa m'dzuwa mimba safuna kuilemetsa. Kum'mwera, ku Tamil Nadu ndi ku Kerala, amawonjezamo jinja, tsabola wobiriwira ndi masamba onunkhira a mtengo wa curry. Tsabola m'chakumwa choziziritsa thupi amamveka ngati nthabwala, koma amatulutsa kathukuta kamene kakauma khungu limamva kuzizira.

Ku Bihar munthu wa ganyu amadalira sattu, ufa wa tchana chimene amachikazinga mumchenga wamoto asanachigaye. Popeza ufawo ndi wakupsa kale, palibe kusonkha moto masana. Amangouvundula m'madzi, kufinyiramo ndimu, mchere ndi anyezi wodula tizidutswa, ndipo kapu imodzi imathetsa ludzu ndi njala pamodzi.

Koma ngati pali chakudya chimene ndimachivulira chipewa, ndi pakhala ya ku Odisha, imene ku Bengal amaitcha panta bhat. Chiyambi chake n'chonyozeka: mpunga wotsala madzulo, mkute weniweni. Amauthira madzi mumphika wadothi, kuvundikira, n'kuusiya usiku wonse. Kutentha komwe kukanauwononga ndiko kumausasitsa pang'ono, ndipo pofika m'mawa umakhala ndi kuwawasa kofatsa konga kwa thobwa logona. Wophika amadziwa malire ake. Maola akachuluka m'nyengo yotentha kwambiri, kuwawasa kumapitirira muyeso. Amauthira chambiko ndi mchere, ena amakazinga njere za mpiru m'mafuta pang'ono n'kutsanulira pamwamba zikuthetheka, ndipo pambali amaikapo anyezi wamuwisi, tsabola, masamba okazinga kapena nsomba. Mpunga amadya ndi manja, madzi ake otchedwa torani amamwa. Akatha apo tulo timabwera tokha, ndipo dzuwa la paliwombo limadutsa munthu ali chigonere pamthunzi. Chakudya cha alimi ichi chimaperekedwanso nsembe m'kachisi wamkulu wa Jagannath ku Puri, ndipo anthu a ku Odisha anachipatulira tsiku lake, 20 Malichi, pamene chilimwe chikuyamba.

Kuseri kwa zonsezi kuli chiphunzitso chakale cha Ayurveda, chimene chimagawa zakudya kuti zina n'zotenthetsa thupi, zina n'zoziziritsa, posatengera kuti zachokera pamoto kapena ayi. Sikuti zonse za mwambowu ndingazivomere. Anthu ambiri kumpoto kwa India amayenda ndi anyezi m'thumba la malaya pokhulupirira kuti amawateteza ku loo. Anyeziyo akanawathandiza kwambiri akanamudya ndi mchere. Ndipo munthu amene wakomoka ndi dzuwa, thupi likutentha koma thukuta osatuluka, malo ake ndi kuchipatala, osati kukhitchini. Koma pa nkhani ya mchere, kuwawasa, dothi ndi kudikira, amisiri awa sanaphonye.

Kwathu kuno mango aawisi amadzaza m'mitengo nthawi yomweyo imene dzuwa la Okutobala likuwamba ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndipo ana amawadya ndi mchere akuluakulu akuwakalipira. Chaka chino tcholani atatu, muwakwirire m'phulusa mukatha kuphika nsima, ndipo mchere musaumire.