Mutu si Funso: Za Buku la Njala ya 1949

Chaka ndi chaka, ikafika nthawi yoti ophunzira a chaka chomaliza asankhe chokafufuza, mitu imene timaimva m'makonde muno imafanana ngati mapasa: ntchito ya nthano pakati pa Achewa, kufunika kwa miyambi polera ana, Gule Wamkulu ndi chikhalidwe chathu. Sindikunena kuti zinthu zimenezi n'zachabe ayi. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mathero a kafukufuku wotere munthu atha kuwalemba asanakwere n'komwe basi yopita kumudzi. Ndani sakudziwa kuti akapeza zoti nthano zimaphunzitsa makhalidwe abwino? Nanga agogo aja tikawachotseranji kumunda tsiku lathunthu? Umenewo ndi mutu chabe. Funso ndi chinthu china, ndipo buku limene ndifuna kulisanthula pano likuonetsa bwino kusiyana kwake.

Bukuli ndi The Story of an African Famine, lolembedwa ndi Mayi Megan Vaughan, amene anaphunzitsako mbiri yakale ku Chancellor College. Linasindikizidwa ku Cambridge mu 1987, ndipo likunena za njala ya 1949, makamaka m'midzi ya m'boma la Blantyre. Mvula inadula kumapeto kwa 1948 ndi kumayambiriro kwa 1949, chimanga chinapserera m'minda, ndipo njala inapitirira mpaka kulowa mu 1950. Boma la atsamunda linawerenga anthu pafupifupi 200 akufa ndi njala, chiwerengero chimene ambiri amachiona kuti n'chochepa kusiyana ndi chenicheni.

Mayiwa akadafuna, akadangolemba za zimene zinayambitsa njalayo, popeza mayankho analipo kale m'zikalata za boma. Ena ankati anthu anachulukitsa ndipo nthaka inaguga ndi kukokoloka. Ena ankaloza chala fodya, kuti analanda malo a chimanga. Enanso ankadzudzula bungwe limene boma linakhazikitsa loyang'anira malonda a chimanga, ati mitengo yake inagwetsa alimi mphwayi. Zonsezi Mayi Vaughan anaziyesa chimodzichimodzi ndipo anapeza kuti palibe chimene chikukwana pachokha. Wophunzira wa ife akadaimira pomwepo n'kupatsidwa malikisi ake.

Koma pamene anthu a m'midzi ija anafunsidwa, panatuluka chinthu chosagwirizana ndi zikalatazo, ndiponso chosagwirizana pakati pa anthu okhaokhawo. Abambo ankakumbukira maulendo ataliatali okafuna chakudya. Amayi, m'nkhani zawo ndi m'nyimbo zapamtondo, ankakumbukira chakacho ngati chaka chimene amuna anawathawa ndi maukwati anatha. Chilala chimodzi, mudzi umodzi, koma njala ziwiri. Apa ndiye panabadwira funso lenileni: m'mudzi, ngakhale m'nyumba imodzi, anavutika koposa ndani, ndipo chifukwa chiyani iyeyo?

Taonani tsono m'mene funsolo linakokera mwiniwake ku zinthu zimene mutu wamba sukadamufikitsako. Linamufikitsa ku chikamwini, pakuti kudera kumeneko mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo nkhokwe itauma mkamwini anali ndi kwawo kothawira, pamene mkazi anatsala pamudzi ndi ana. Linamufikitsa ku ntchito zolipidwa, zimene zambiri zinali m'manja mwa amuna, pamene njira za amayi zopezera ndalama, monga kufulula mowa, zinadalira chimanga chomwecho chimene chinasowa. Linamufikitsanso ku kagawidwe ka chakudya cha boma, kamene kanakomera anthu apantchito ndipo kanaganiza kuti mkazi aliyense wokwatiwa ali ndi mwamuna womudyetsa. Amartya Sen, m'buku lake la 1981 lotchedwa Poverty and Famines, anali atanena kale kuti anthu amafa ndi njala chifukwa chosowa njira yopezera chakudya, ngakhale chakudyacho chilipo m'dziko. Mayi Vaughan analowa nayo mfundoyi mpaka m'nyumba.

Ife timaphunzitsidwa njira zofufuzira ngati mndandanda wa pasitolo: mapepala a mafunso, kucheza ndi anthu, kuwerenga zikalata. Kenaka timasankha yosatopetsa, kawirikawiri mapepala a mafunso aja, n'kuyamba kuifunira mutu. Kumeneko n'kugula mpini usanadziwe ngati ukalima kapena ukadula mtengo. M'bukuli funso ndilo linatsogola. Zikalata za ku Zomba zinalembedwa ndi amuna, za amuna, choncho sizikadatha kuyankha zokha. Nyimbo nazo sizikadatha kunena mtengo wa chimanga kapena malamulo a kagawidwe. Panafunika zonse ziwiri, china chizitsutsa chinzake.

Komabe bukuli silinandikhutiritse pena. Nyimbo yapamtondo, monga tonse tidziwa, ndi bwalo la amayi lodandauliramo amuna, kaya kuli njala kaya kuli mwanaalirenji. Azakhali athu amaimba za mwamuna waulesi ngakhale nkhokwe ili tho. Tsono tidziwa bwanji gawo la dandaulo limene lili la 1949, ndi gawo limene lili la mtondo weniweniwo? Ndikadakonda bukuli likadakhalitsa pa funso limeneli, mwina poyerekeza nyimbo za njala ndi za zaka zokolola bwino. Chinanso, umboniwu unatengedwa patapita zaka makumi angapo, kwa anthu amene anapulumuka. Nkhalamba ndi makanda amene anatsikira kulichete saimba nyimbo. Ndipo papepala, m'Chingerezi, nyimbo imasanduka chiganizo chongopereka uthenga. Kugunda kwa munsi kulibe, kuseka kwa amayi anzake kulibe, chonsecho nthawi zina kuseka kumeneko ndiko kumatiuza ngati woimbayo akulira kapena akunyogodola.

Zofooka zimenezi, kunena zoona, ndi mafunso ongodikira munthu, ndipo ife amene tinayamwira zilankhulo za nyimbozi tili pabwino kuwayankha kuposa mlendo aliyense. Satifunanso kubwerera ku 1949. Njala ya 2002 anthu akuikumbukira bwino lomwe, ndipo zambiri zimene zinalembedwa n'zokhudza kugulitsidwa kwa chimanga cha m'nkhokwe za boma. Nanga kumudzi kwanu, pamene anthu ankadya madeya ndi mizu ya nthochi, ankayamba kupatsidwa ndani? Akamwini anakhala kapena anachoka? Ndipo popeza lero ambiri amapita kuchigayo, mtondo uli zii, madandaulo aja anasamukira kuti: kudambwe la amayi pachitsime, kukwaya ya kutchalitchi, kapena kumagule a paukwati? Yankho la funso lomalizali palibe mmodzi wa ife, mphunzitsi kapena wophunzira, amene angalilembe ali khale m'chipinda chake muno.