Mudzi Wabwino ndi Nkhalamba Yoiŵala: Kuŵerenganso Zolemba za T. Cullen Young

Aliyense amene adakwerapo mseu wa Gorodi kuchokera ku Chitimba mpaka kukafika pamwamba pa Khondowe amadziŵa kuti Livingstonia ndi malo osunga mbiri. Dr Robert Laws adakhazika mishoni kumeneko mu 1894, itayambira ku Cape Maclear mu 1875 ndi kusamukira ku Bandawe mu 1881. Chipatala cha David Gordon Memorial chidatsekulidwa mu 1911, ndipo nyumba yamiyala ija idasanduka yosungiramo zinthu zakale. Ife Akatolika tidafika mochedwa ku dera limeneli, ndipo zambiri zimene timaphunzitsa za miyambo ya Atumbuka tidazitola m'mabuku a amishonale a ku Scotland ndi ophunzira ao. Nkoyenera tsono kuti mabukuwo tiziŵaŵerenga mwaulemu, komanso kuti tiziŵafunsa mafunso. Funso lathu m'nkhani ino ndi limodzi: kodi m'mabuku ameneŵa muli malo a munthu wokalamba amene nzeru zake zatha, ndi a munthu amene akumsamala?

Thomas Cullen Young adafika ku Livingstonia mu 1904 ndipo adachoka m'dziko muno mu 1931. Chaka chomwecho kudatuluka buku lake la miyambo ndi nthano za Atumbuka ndi Akamanga. Mu 1937 adatulutsa African Ways and Wisdom. Ndipo mu 1946, mothandizana ndi Dr Hastings Banda, adamasulira m'Chingerezi nkhani zitatu zolembedwa ndi anthu a m'dziko muno, buku lotchedwa Our African Way of Life. Tiyenera kumyamika munthuyu. Pa nthaŵi imene azungu ambiri ankayesa miyambo yathu mdima wokhawokha, iye adakhala pansi namvetsera. Ganizo limene adalikonda koposa ndi la mudzi wabwino, limene adalilembera nkhani yakeyake m'magazini ya Africa mu 1934. Tikalifotokoza m'mau athu, mudzi wabwino ndi banja lalikulu la amoyo ndi akufa, m'mene aliyense ali ndi malo ake ndi udindo wake, m'mene munthu sadya yekha ndipo savutika yekha, ndi m'mene akulu ali pakati pa ana ndi mizimu ya makolo ngati mlatho.

Ganizo limeneli lidayenda mtunda wautali. Timalimva m'maulaliki athu, m'zolemba za aseminale zokhudza umunthu, ndi m'misonkhano yathu yonse yokamba za kuloŵetsa Uthenga Wabwino m'chikhalidwe chathu. Kaŵirikaŵiri timalitsiriza ndi mau onyadira akuti kuno kwathu sititaya nkhalamba m'nyumba zosungirako okalamba monga achitira ku Ulaya. Mau ameneŵa ali ndi choonadi chake, koma amatigonetsa tulo.

Tiyeni tiwone bwino nkhalamba imene imatsala m'maganizo mwathu tikatha kuŵerenga mabuku otere. Ndi nkhalamba yodziŵa mibadwo ya banja, yokumbukira malire a minda, yoweruza milandu pabwalo, yotchula maina a makolo popereka nsembe. Ulemu wake wakhazikika pa kukumbukira kwake. Miyambi yathu yomwe imavomereza zimenezi. Timati mau a akulu akoma akagonera. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Timati galu wamkota sakandira pachabe. Miyambi itatu yonseyi ikutamanda munthu wamkulu chifukwa cha phindu la nzeru zake. John Mbiti, m'buku lake la 1969 la zipembedzo ndi nzeru za Aafrika, adapititsa ganizoli patsogolo pophunzitsa kuti womwalira amakhalabe pakati pa abale ake nthaŵi yonse imene alipo wina womkumbukira ndi dzina. Mudzi wonse tsono waima pa kukumbukira: akulu akumbukira makolo, ana adzakumbukira akulu. Nanga mlathowo ukathyoka mwini wake akali moyo? Nanga agogo akayamba kufunsa mwana wao wobala okha kuti, kodi inu ndinu yani?

Matenda ameneŵa alipo ndipo ali ndi dzina, ngakhale m'Chicheŵa tilibe liu limodzi lokhazikika. Madokotala amaŵatcha dementia. Anthu kumudzi amati agogo abwerera ku ubwana, kapena mutu wazungulira. Ndi kuwonongeka kwa ubongo kumene kumadza pang'onopang'ono. Mtundu wake wofala ndi umene Dr Alois Alzheimer wa ku Germany adaufotokoza mu 1906. Mtundu wina umabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikawonongeka, monga zimachitikira kwa odwala BP amene salandira mankhwala. Bungwe la WHO lidanena mu 2021 kuti anthu odwala matendaŵa pa dziko lonse adapitirira 55 miliyoni, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse amakhala m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Si matenda a azungu ai. Mankhwala ochiziratu matenda a Alzheimer palibe. Komabe kusokonezeka kwina kwa okalamba kumachokera ku malungo, ku shuga, ku moŵa kapena ku matenda ena ochizika, nchifukwa chake ntchito yoyamba ya banja ndi kupita naye wodwalayo ku chipatala. Kumpoto kuno Abale a St John of God ku Mzuzu akhala akusamala odwala matenda a maganizo kuyambira m'zaka za m'ma 1990.

Zizindikiro zake nzimene zimatidetsa nkhaŵa. Wodwalayo amaiŵala za dzulo koma amakumbukira za ubwana wake. Dzuŵa likamaloŵa amasautsika mtima, amafuna kupita kwao, ndipo kwaoko ndi mudzi umene udapasuka zaka makumi asanu zapitazo. Amadzuka usiku natuluka, mwina atavula. Amabisa chakudya pansi pa mphasa. Amalankhula ndi anthu amene adamwalira kale ngati ali pomwepo. Amanena kuti mpongozi wake wamubera. Aŵerengi athu azindikira kale chimene tikupita kukanena. Kuyenda usiku, kuyenda wamaliseche, kudya mobisa, kucheza ndi akufa: zonsezi ndizo zizindikiro zimene mudzi womwewo, mudzi wabwino uja, umadziŵira mfiti.

Tidaziwona zimenezi m'mudzi wina kumunsi kwa phiri la Khondowe. Mai wina wokalamba, amene kale ankatsogolera nyimbo m'tchalitchi, adapezeka m'bandakucha kuseri kwa nkhokwe ya anthu ena, atazizidwa, nsalu itagwera panjira. Pamene tinkafika anthu anali atagwirizana kale kuti wagwa pa ndege yaufiti. Mnyamata wina adamfunsa mokalipa ngati ndiye adapha mwana amene adamwalira mwezi wapitawo, ndipo maiyo adamwetulira navomera. Akadavomera chilichonse. Munthu wotere amayankha nkhope ndi liu la womfunsayo, pakuti funso lenilenilo salimva. Koma pabwalo kuvomera ndi umboni wotsiriza. Adampulumutsa ndi mkazi wa mwana wake, amene Atumbuka amamtcha mkamwana, yemwe adabwera akuthamanga, namfunda chitenje chake, nauza anthu kuti umenewu ndi usiku wachitatu wosagona iye, nkuti adangotsinzina pang'ono.

Dera limeneli lili ndi mbiri yake pa nkhani ya ufiti. M'boma lomweli la Rumphi ndimo munkakhala Nchimi Chikanga, amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1960 ankakoka anthu ochokera ngakhale ku Tanganyika ndi ku Northern Rhodesia kudzayeretsedwa ufiti. Boston Soko adalemba za iye m'buku la 2002. Zonsezo zidachitika patatha zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi chikhazikitsire sukulu ya Livingstonia, ndipo lamulo la boma loletsa kutchula munthu mfiti lidalipo kuyambira 1911. Kummwera, ku Neno, nkhalamba zinai zidaphedwa mu Januwale 2016 mphezi itapha mtsikana wina. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza okalamba. Timaliyamika lamuloli, koma lamulo silikhala pabwalo m'bandakucha.

Sitikumnena Young kuti adaphunzitsa nkhanza, akadanyansidwa nazo. Chimene tikunena nchakuti chithunzi chake cha mudzi, ndi chathu chimene tidachikopa kwa iye, chili ndi mipando iŵiri yokha ya munthu wokalamba. Pali mpando wa mlangizi, ndipo kunja kwa bwalo kuli malo a mdani wa mudzi. Munthu amene sangathenso kukhala pa mpando woyamba amatsetsereka msanga kupita ku malo achiŵiri, chifukwa mudzi ulibe dzina lina lomutchulira.

Chachiŵiri chimene chikusoŵa nchowonekeratu, ndipo nchodabwitsa kuti tidachilumpha nthaŵi yaitali chotere. Mau akuti mudzi umasamala okalamba ake amabisa munthu amene amagwiradi ntchitoyo. Mudzi suchapa zofunda zonyoŵa ndi mkodzo. Mudzi sudyetsa munthu phala ndi sipuni kwa ola lathunthu. Amachita zimenezi ndi munthu mmodzi, kaŵirikaŵiri wamkazi, ndipo pakati pa Atumbuka, kumene mkazi amakakhala kwa mwamuna wake, ntchitoyo imagwera mkamwana, munthu amene adabwera pamudzipo ngati mlendo. Ndiye amatukwanidwa ndi wodwala kuti ndi mbala, ndiyenso amanenedwa ndi alamu ake obwera pa Khrisimasi kuti amai aonda chifukwa saŵapatsa chakudya. Pa nthaŵi ya Young yomwe midzi yakumpoto inali itayamba kale kusoŵa amuna. Sukulu ya Livingstonia yomweyo idatumiza ophunzira ake ku Rhodesia ndi ku South Africa. Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndi mmodzi wodziŵika mwa ambiri. Lero ana ali ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, ndipo amatumiza ndalama pa foni, zimene zimagula sopo ndi shuga koma sizimdzukira munthu usiku. Kuwonjezera apo, mliri wa Edzi udachotsa ambiri a mbadwo wapakati. Agogo amene adalera ana amasiye m'zaka za m'ma 1990 ndiwo akuiŵala lero, ndipo woŵasamala ndi mdzukulu, mwina mtsikana amene wasiyira sukulu pomwepo.

Tili nacho m'nyumba mwathu chimene chingathe kukonza chithunzichi. M'buku la Mphunzitsi Sira, mutu 3, ndime 12 ndi 13, mlembi akulangiza mwana za bambo wake wokalamba, ndipo akutchula mwachindunji nthaŵi imene nzeru za bamboyo zidzayamba kutha: mwanayo amlezere mtima, asamnyoze pamene iye ali ndi mphamvu zake zonse. Buku limeneli mulibe m'Mabaibulo amene mipingo ya Chiprotestanti imagwiritsa ntchito masiku onse, ndipo sitikunena zimenezi modzitama, pakuti ife amene tili nalo timaliŵerenga pa chikondwerero cha Banja Loyera, kenaka nkulitseka. Apa ulemu sukhazikika pa zimene mkuluyo angatipatse. Ukhazikika pa ubale umene sungafafanizike, ndi kuseri kwa ubalewo, pa Mulungu amene amamdziŵa munthu ndi dzina ngakhale munthuyo ataiŵala dzina lake lomwe. Makolo athu nawonso sadakhale chete. Pambali pa miyambi yotamanda nzeru adatisiyira wina wosiyana nayo: mako ndi mako, usamuwone kuchepa mwendo. Mwambi umenewu sunena kanthu za phindu. Timaugwiritsa ntchito pokamba za umphaŵi kapena kulumala kwa thupi. Sitidamvepo mlaliki akuutchula pokamba za mai amene mutu wake wachepa.

Tsono mlanduwu ukutigwera ife eni. Miphakati, imene Ambuye Patrick Kalilombe adailimbikitsa ku Lilongwe m'zaka za m'ma 1970 ndipo maepiskopi a AMECEA adaivomereza, idamangidwa pa chithunzi chomwechi cha mudzi wabwino, ndipo idatenganso khungu lake. Mphakati umadziŵa kuyendera wodwala malungo amene adzachira sabata yamaŵa, umadziŵanso kuyendetsa maliro. Matenda a zaka zisanu ndi ziŵiri umatopa nawo mwezi wachiŵiri. Pa parishi ina tidapeza dzina la mai wina litalembedwa m'gulu la akhristu ofooka chifukwa sankabwera ku Misa kapena ku mphakati, ndipo mtulo wake unali utatsalira. Palibe amene adafunsa chifukwa chake. Maiyo sakadatha kuchoka pakhomo ngakhale ola limodzi, kuwopa kuti apongozi ake angagwere pamoto kapena kuloŵera kuphompho. Ife tomwe tidasaina bukulo osafunsa. Chaka ndi chaka, kuyambira 2021, timachita tsiku la agogo ndi okalamba limene Papa Francis adakhazikitsa pa Lamulungu lachinai la Julaye, ndipo amene timaŵaitana kutsogolo kuti tiŵadalitse ndi okhawo otha kuyenda ndi kuyankha.

Ansembe ena amazengereza kupereka sakramenti la kudzoza odwala kwa munthu wosazindikira, ati sangathe kulapa. Lamulo la Mpingo la 1983, pa kanoni 1006, likuti aperekedwe kwa odwala amene, pamene anali ndi nzeru zao, adawonetsa kuti akadalifuna, ngakhale sadanene ndi mau. Moyo wa zaka makumi asanu wa kuimba m'kwaya ndi pempho lokwanira. Ndipo amene adayenderapo odwala otere akudziŵa kuti mapemphero a ubwana ndiwo amatsala komaliza: munthu wosadziŵa mwana wake amatsiriza yekha Atate Athu wansembe akangoyamba. Tidaziwona kwa mai uja wa kuseri kwa nkhokwe. Pamene ankapemphera, mkamwana wake adatsamira khoma nagona tulo, ndipo akhristu aŵiri amene tinali nawo adagwirizana pomwepo kuti wina adzabwera Lachiŵiri, wina Lachisanu, kudzakhala ndi agogo kuyambira masana mpaka dzuŵa litaloŵa.