Ibn Durayd ndi Maina Owawa a Aluya

Kholo lofunafuna dzina lachilendo la khanda lake limafunsa shehe funso limodzi: kodi dzinali litanthauzanji? Funsoli ndi lakale. Ibn Durayd, katswiri wa Chiarabu wobadwira ku Basra amene anamwalira ku Baghdad mu 933, analilembera buku lathunthu lotchedwa Kitab al-Ishtiqaq, poyankha anthu amene ankanyoza Aluya kuti maina awo ndi opanda tanthauzo.

Ubwino wa bukuli ndi woti silibisa kanthu. Limatiuza kuti Thalaba ndi nkhandwe, Ikrima ndi nkhunda yaikazi, ndipo Hanzala ndi chipatso cha m'chipululu chonga kavwende, chowawa kosati masewera. Chifukwa chimene akusimba nchogwira mtima: ana aamuna ankapatsidwa maina aukali kuti adani achite nawo mantha, pomwe maina okoma ankapita kwa akapolo, popeza amenewo ndiwo ankaitanidwa pakhomo tsiku ndi tsiku.

Komatu pamene pali mphamvu ya Ibn Durayd ndi pomwenso pali kufooka kwake. Pofuna kugonjetsa otsutsa, safuna kusiya dzina lopanda muzu, ndipo pena wowerenga amachita kuona kuti tanthauzo lakokedwa mokakamiza. Al-Azhari, mlembi wa Tahdhib al-Lugha, anafika pomunena kuti ankapeka mawu. Ine ndiona kuti chiweruzo chimenecho chinapyola muyeso, koma chenjezo lake nlosayenera kulitaya.

Chondidandaulitsa kwambiri nchakuti muzu wa mawu suuza zonse. Tengani Hanzala ibn Abi Amir. Anachoka kwa mkazi wake ali mkwati wa usiku umodzi, nakafera ku nkhondo ya Uhud mu 625, ndipo Asilamu amamukumbukira monga uja anasambitsidwa ndi angelo. Kodi womva dzina limeneli lero amamvanso kuwawa kwa chipatso?

Apa wina angati tanthauzo lilibe ntchito. Ayi ndithu. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, anasintha maina ena: Barra anakhala Zaynab, ndipo mwana wamkazi wa Umar anakhala Jamila. Hazn, kutanthauza nthaka yolimba, anakana kutchedwa Sahl, wofewa, poti dzinalo anampatsa ndi bambo ake. Mdzukulu wake, Said ibn al-Musayyib, anadandaula pambuyo pake kuti kuuma kuja sikunachokenso m'banja mwawo. Koma Hanzala, Mtumiki anamsiya ndi dzina lake lomwelo.