Adwazike Ndani? Khansa ndi Chibale mu Age of Iron ya J.M. Coetzee

Ounika ambiri amene alembapo za nthano yaitali ya J.M. Coetzee yotchedwa Age of Iron (1990) amathamangira kunena kuti khansa ya Mayi Curren ndi fanizo la ulamuliro wa tsankho ku South Africa. Sakunama, pakuti mayiwo nawonso amaganiza kuti nthendayo inaswana ndi manyazi amene akhala akusenza monga mzungu wodyerera dongosolo loipa. Komabe kuwerenga kotereku kumawalanda mayiwa thupi lawo. Susan Sontag, amene iyenso anadwala khansa ya m'mawere, anachenjeza kale mu Illness as Metaphor (1978) kuti nthenda ikasandutsidwa fanizo, wodwala amasenzetsedwa mlandu pamwamba pa ululu. Pansi pa zandale zonse za m'bukuli pali funso lapakhomo: munthu amene khansa yamulowa m'mafupa adwazikidwe ndi yani?

Chichewa chili ndi mneni mmodzi, kudwazika, wonyamula ntchito yonseyi: kuphika phala, kutembenuza wodwala, kuchapa, kuchezera usiku pambali pa mphasa. Wowerenga wodziwa mawu amenewa amaona msanga kuti Coetzee wamanga nthano yake pa kusowa kwa wodwazika.

Nkhaniyi ikuchitika ku Cape Town m'chaka cha 1986, pamene boma la P.W. Botha linali litakhwimitsa malamulo ndi kuthira apolisi ndi asilikali m'madera a anthu akuda. Mayi Curren anapuma ntchito yophunzitsa Chilatini ndi zolemba zamakedzana. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anachoka m'dzikomo mu 1976 nakakhazikika ku America, atalumbira kuti sadzabwerera tsankho likadalipo. Buku lonse ndi kalata yopita kwa mwanayu, koma yoti idzatumizidwe mayiwo atamwalira. Apa ndi pamene pagona luso la mlembi. Mayi akulakalaka dzanja la mwana wawo, koma sakumuitana, poopa kumuthyoletsa lumbiro, mwinanso poopa kuti ataitanidwa angakane. Chikondi chimene chikanakhala chisamaliro chasanduka mapepala.

Wotsatira amene akanadwazika ndi Florence, wantchito wa pakhomopo. Koma chisamaliro cha Florence n'chogula, ndipo kuti achipereke ayenera kusiya banja lake ku Guguletu. Mwana wake Bheki ataphedwa pa zipolowe, Florence akuchoka osabwereranso. Coetzee sakumuimba mlandu. Mayi amene waika mwana wake m'manda alibe ngongole ya chifundo kwa bwana wake, ngakhale bwanayo akhale pafupi kufa.

Wotsala ndi Vercueil, munthu wosowa pokhala, chidakwa cha dzanja lopuwala, amene Mayi Curren akumupeza atagona ndi galu wake m'kanjira ka pambali pa nyumba tsiku lomwelo limene dokotala wawauza kuti nthendayo siidzachizika. Ena amamutcha mngelo wa imfa, ndipo mlembi amawapatsadi poyambira. Koma zimene Vercueil akuchita n'zapansi pano: akukankha galimoto yakale ikakana kulira, akuwanyamula mayiwo atawapeza ali thasa pansi pa mlatho wa msewu, ndipo kumapeto akugona nawo pabedi limodzi, galu ali pomwepo, kuti awapatse kafunidwe. Salankhula mawu otonthoza. Sali mbale, sali bwenzi, ndipo nthawi zina fungo lake limawanyansa. Masamba ofotokoza awiriwa ndi amene ali ndi moyo kwambiri m'buku lonse, chifukwa akuonetsa kuti wodwala sasankha womudwazika ndipo amaphunzira kudalira munthu wosadalirika. Kukumbatirana kotsiriza, kumene mayiwo sakupezamo kutentha kulikonse, sikulola wowerenga kunena kuti chibale chatsopano chalowa bwinobwino m'malo mwa chakale.

Chofooka cha nthanoyi chimaoneka ikaikidwa pambali pa The Cancer Journals (1980) ya Audre Lorde, mlakatuli wachikuda wa ku America amene anachotsedwa bere mu 1978. Lorde akulemba ali m'kati mwa chithandizo: opaleshoni, bala, mantha, ndi kukana kwake kuvala bere lochita kupanga ngakhale namwino wina anamudzudzula kuti akufooketsa odwala anzake. Akutchulanso poyera kuti anapirira chifukwa cha amayi anzake amene anamuzinga pa nthawiyo. Kwa Lorde, anzake ndi mbali ya mankhwala. Kwa Coetzee, chipatala chili kutali. Mayi Curren akukana kukagonekedwa, ndipo za chithandizo chawo timangoona mapiritsi opha ululu amene amawasokoneza maganizo ndi kuwalotetsa zoopsa. Wophunzira wofuna kudziwa mmene munthu amakhalira ndi khansa tsiku ndi tsiku apeza zambiri kwa Lorde. Nthawi zinanso Mayi Curren amalankhula mwaukadaulo wopitirira, moti ululu umamira m'mawu a Chilatini, ngakhale tinganene kuti mphunzitsi wopuma alibenso chida china chodzitetezera.

Chimene Lorde sangapereke ndi chithunzi cha dziko limene lamwaza odwazika ake onse: mwana kutsidya kwa nyanja, wantchito ku maliro, anyamata ngati Bheki ndi mnzake John akufa asanakule n'kufika posamala aliyense. Ngakhale kalata yeniyeniyo ili m'manja mwa Vercueil, amene anapemphedwa kukaiponya ku positi ofesi, ndipo Coetzee satiuza ngati anapitadi.